Foni Ikufuna Mwini Wake

Albertina anachapa chilichonse chomwe amuna ake, malemu a Bonifasio, anasiya. Malaya, mathalauza, jekete ya ku tchalitchi, ovolosi yomwe simenti inachita kuumiramo, ngakhale chipewa chija eni ake sanachiviikepo m'madzi chigulireni. Njinga anaipukuta mpaka masipoko. Zitsulo zomangira nyumba anazikwecha ndi mchenga n'kuziyala pakhonde kuti ziume. Msana unamupweteka, zala zinachita makwinya, koma sanapume.

Kwawo ku Nchema zimayenda chonchi: mkamwini akamwalira, maliro akazizira pang'ono, abale ake amabwera kudzaona katundu wa m'bale wawo, kutenga zoyenera kutenga, kenaka n'kumusudzula mkazi, kumuuza pamaso pa anthu kuti wamasuka, ukwati watha, maliro atha. Ndipo mkazi wodzilemekeza sapereka kwa alamu ake katundu wa thukuta ndi fumbi. Angakunene mpaka kuchigayo.

Chomwe chinamusowetsa mtendere ndi foni.

A Bonifasio anali mmisiri womanga nyumba, ndipo foni ya tachi anaigula kuti azijambula nyumba zomwe amanga, makasitomala aziona okha. Albertina anali ndi kake ka mabatani komanga ndi mphira, ya amuna ake sankaigwira n'komwe. Anadzaigwira m'chipatala ku Nguludi, masiku otsiriza aja, manja a bambowo atayamba kunjenjemera. Anamuonetsa mokhotetsera chala pagalasi kuti itseguke, aimbire mng'ono wawo a Benedicto. Basi, chala chinasunga njira.

Ndiye tsiku lina masana, anthu ogona pamaliro atabalalika, anaitsegula kuti angoona nkhope yawo. Anaona nyumba. Nyumba za malata, nyumba zosafolera, maziko, mipanda ya njerwa. Anapitiriza kukankha chala, ndipo mwadzidzidzi anaona mkazi atakhala pa makina osokera, akuseka mano onse ali panja. Chithunzi chotsatira, mkazi yemweyo wanyamula mwana wamwamuna. Chotsatira, mwanayo ali pamiyendo pa a Bonifasio akudya nawo nthochi, makutu ake otambalala omwe aja a bambowo, moti panalibe chofunsa. Ndipo malaya omwe a Bonifasio anavala pachithunzipo anali aja a mizere, omwe Albertina ankawasita yekha ndi simbi ya makala.

Koma abale, amuna! Munthu tcheyamani wa mphakati, woyamba kufika ku misa, wotsiriza kutuluka. Iwo ndi Albertina ndi amene akuluakulu a mpingo ankawatumizira achinyamata ofuna kudalitsa ukwati kuti akawalangize. Ankawakhazika pamphasa pansi pa mtengo wa mapeyala, a Bonifasio n'kumati, "Tayang'anani ine ndi amayi anuwa, imvi zatipeza tili limodzi." Albertina n'kumavomereza ndi mutu, akumva kukoma.

Sanalire. Misozi inathera kumanda. Anangomva kutopa kolowa m'mafupa, ndi manyazi, manyazi oti ngakhale nkhuku za pabwalo ankaona ngati zikumuseka. Ndipo anatsimikiza chinthu chimodzi: asadziwe munthu. Asadziwe Tina, mwana wawo wokwatiwa ku Limbe, amene bambo ake ankawaona ngati munthu wosalakwa. Asadziwe amayi a mumphakati. Makamaka asadziwe alamu ake: a Benedicto, amene foniyo inkapita kwa iwo poti nawonso ndi omanga, ndi mlongo wawo a Elestina, mayi woti nkhani ikalowa m'khutu m'mawa, pofika masana yakwera kale minibasi.

Tsono malaya amachapa ndi sopo, nanga foni amachapa ndi chiyani? Anayesa kufufuta yekha zithunzizo, koma foni inkamufunsa mafunso m'Chingerezi, ndipo anaopa kuti zina zibisala kwina komwe iye sakudziwa, a Benedicto akazipeza. Anamvapo kuti ku Njuli kuli anthu amene amachotsa zonse za m'kati, foni n'kukhala ngati yangochoka m'sitolo. Anaimanga pansonga ya chitenje n'kukwera kabaza.

Linali tsiku la msika. Sabiti wokonza mafoni amakhala pakhonde la sitolo ina, kuseri kwa tebulo lodzaza mafoni ong'ambika mimba ndi machaja opiringizana, ndipo tsiku limenelo anthu anamuunjirira ngati akugawa shuga. Ndi bambo wa ndevu zochepa pachibwano, wolankhula maso ali pantchito. Albertina anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi.

"Ndikufuna muichape foni iyi," anatero itafika nthawi yake. "Zonse zili m'katimo zichoke."

"Kufomata, amayi?"

"Kaya mumati chiyani. Ikhale ngati yatsopano basi."

Sabiti sanafunsenso. Anaizimitsa n'kufinya mabatani awiri a m'mbali nthawi imodzi, njira yake yachidule ya tsiku lotanganidwa. Panatuluka tizilembo ting'onoting'ono, iye n'kudina, n'kudinanso, n'kuiika pambali uku akukangana ndi kasitomala wina za batire. Albertina anapuma mozama. Mkazi uja wapita, mwana uja wapita. Aka kanali koyamba kumva kupepukidwa chiikireni maliro.

Foni inayaka, n'kuyamba kulonjera ngati yatsopanodi. Sabiti anailumikiza ku netiweki, n'kumadina patsogolo, patsogolo, kenaka chala chinaima. Anatsonya.

"Amayi, akaunti ya foni iyi mukuidziwa? Imelo ndi pasiwedi yake?"

"N'chiyaninso chimenecho?"

"Ikufuna mwini wake iyi. Mafoni a masiku ano anawaika loko wotchinga akuba. Munthu akaba foni amathamangira kukaifomata, eti? Ndiye ikangofomatidwa chonchi imakakamira pomwepa, siipita patsogolo mpaka mulowetse akaunti ija inalimo kale. Ngakhale tiifomatenso, ibwerera pomwepa. Aimbireni eni ake akuuzeni."

"Eni ake tinaika m'manda."

Apa ndi pomwe Sabiti anakweza maso. "Pepani amayi. Nanga bwanji osanena poyamba?"

"Nanga inu bwanji osafunsa poyamba?"

Onse awiri anali ndi mfundo, koma foni inalibe nazo ntchito mfundo zawozo. Sabiti anayesa nambala ya malemu, anayesa dzina lawo molemba mwanjira iyi ndi iyo, foni inakana. Anati ku Limbe aliko anthu othyola loko wotere, koma mtundu watsopanowu ena amaubweza utaferatu, galasi lili bii, ndipo iye sangalumbire kuti ibwerako yamoyo. Albertina anaimanganso pachitenje. Pobwerera wakabaza anayesa kumuchezetsa za mtengo wa nandolo, iye maganizo ali pafoni.

A Benedicto anafika pa njinga m'kati mwa sabata, kudzanena kuti mwambo uchitika Loweruka, atsibweni awo a Kalinde avomera kubwera. Albertina anawapatsa mpando ndi madzi akumwa. Anaona zovala zopindidwa bwino m'thumba, anaona zitsulo zikuwala pakhonde, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Mwagwira ntchito alamu. Tandibwerekani kaye foni ija, muli nambala ya bwana wina amene achimwene anamusiyira nyumba ili pamawindo."

Akanatani? Anaibweretsa. A Benedicto anaiyatsa, anayang'ana, anaitembenuza, anayang'ananso. Nkhope inasintha.

"Iyi si foni ya achimwene."

"Ndi yomweyo alamu. Ndinapita nayo koichapa."

"Koichapa! Foni amachapa? Alamu, ine si mwana. Foni yofunsa mwini wake chonchi ndi yakuba, aliyense akudziwa. Ya achimwene mwagulitsa, mwatigulira yakuba pamsika kuti mutiphimbe m'maso. Kapena munali zinthu m'menemo zomwe simukufuna ife tizione?"

Albertina mawu anali nawo pakamwa penipeni: eya, munali zinthu, munali mkazi wa achimwene anuwo ndi mwana wa makutu awo. Akanangotero, ankaganiza, a Benedicto akanameza malovu n'kukwera njinga yawo mwakachetechete. Koma kutero kunali kuvula yekha pamaso pa mlamu. Anangoyang'ana pansi, ndipo kuyang'ana pansiko a Benedicto anakutenga ngati kuvomera mlandu.

"Loweruka tibwera," anatero akuimirira. "Foni ikatseguka pamaso pathu, tikusudzulani mwaulemu, aliyense azipita kwawo. Ikapanda kutseguka palibe chosudzula, nkhani ipita patali." Madzi aja anawasiya osamwa.

Musaganize kuti Albertina ankafuna kusudzulidwa kuti akakwatiwe. Akwatiwenso kuti aone zotani? Ankangofuna maliro athe, avule duku lakuda, azipita kumunda ndi kumsika opanda maso a alamu kumbuyo kwake. Tsopano mayina anali awiri, asankhe yekha: mayi uja anaba katundu wa malemu, kapena mayi uja ankalangiza mabanja a anzake pomwe lake linali ndi nthambi kwina. Loyamba linkamuwawa, koma lachiwiri linkamuwawa kwambiri.

Kutacha anabwerera ku Njuli. Msika kunalibe, Sabiti anali yekha akumwa tiyi ndi chinangwa chophika.

"Achimwene, ndagwira mwendo wanu. Palibe njira ina?"

Sabiti anatenga foni ija, anaitembenuza, n'kuloza kagalasi kotchinjiriza komwe kanathetheka pakona. "Aka ndinamata ndine. Tsiku lija mutapita ndinakumbukira. Bambo wamtali, manja a simenti, anabwera nayo ili m'katoni mwake." Anakanda ndevu, n'kuyang'ana kumsewu. "Sanali okha."

"Nenani. Ndikudziwa kale."

"Iwo za imelo sankazidziwa, anangopereka foni kwa mayi anali nawoyo, ndi amene analemba zonse. Ngati alipo wodziwa pasiwedi, ndi ameneyo. Amasoka zovala kuseri kwa chigayo uko, pakhonde la buluu. Dzina ndi Patricia. Koma ine sindinanene kanthu, amayi."

Albertina anaseka, kuseka kouma komwe kunamudabwitsa ngakhale Sabiti. Ha! Anakwera kabaza, anaima pamzere mpaka miyendo kuchita dzanzi kuti amufufute mkaziyu, ndiye lero foni yomweyo ikumutuma kukapempha kwa iye.

Anamuzindikira ali patali. Pachithunzi ankaoneka wonenepa ndi wosangalala, koma apa anali mayi wowonda, wosaposa kwambiri msinkhu wa Tina, akupalasa makina, yunifolomu ya sukulu ili pansi pa singano. Kumutu anavala duku lakuda. Duku lakuda, iye! Albertina anamva mkwiyo ukukwera, koma unathera pachifuwa, mphamvu zokwiyira analibe. Mwana uja anali pansi pafupi ndi makina, akuseweretsa tizidutswa ta nsalu.

Patricia anaimitsa makina. Nayenso anamuzindikira. Anadzuka n'kupukuta benchi ndi chitenje chake.

"Khalani amayi."

Moni sanapatsane. Albertina anamasula foni n'kuiika pa makina pafupi ndi sizasi.

"Akuti loko uyu munaika ndinu. Tsegulani ndizipita. Sindinabwere kudzakangana, ndatopa."

Patricia anaiyatsa, anawerenga zomwe zinali pagalasi, ndipo anamvetsa zomwe zachitika. "Munaifomata."

"Ndinaichapa. Loweruka abale awo akubwera kudzandisudzula, ndiye sindikufuna aone zomwe ndinaona ine. Bambo aja anthu amawalemekeza. Agone ndi ulemu wawo."

Patricia anatembenukira kwa mwana.

"Dzina lake ndi Sungani. Anamutcha ndi iwo."

"Sindinafunse."

"Amayi, pasiwedi ndikuidziwa, sindikunamizani. Kutsegula n'kosavuta. Koma ndikakutsegulirani pano mupita nayo, Loweruka mugawana katundu, musudzulana, nkhani mutseka. Uyu akhala ngati ndinachita kumutola pamsewu. Ine sindikufuna njinga, sindikufuna malata. Ndikufuna ndidzaitsegule ndekha pabwalo panu, uyu ali kumsana, anthu amutchule pagulu kuti ndi mwana wa a Bonifasio. Akadzakula n'kufunsa kwawo kwa bambo ake, ndidzaloza kuti?"

"Mulibe manyazi inu?"

"Ndinali nawo, amayi. Anathera kumanda kuja, pomwe ndinaima kumbuyo kwa anthu ngati munthu wongodutsa."

Albertina anakhala pabenchi paja. Chigayo chinkalira, chinkasiya, chinkaliranso. Anaganiza zokaiponya foniyo m'chimbudzi, anene kuti inatayika, amutche wakuba ngati akufuna. Koma ndiye kuti alamu sachoka pakhomo, lero abwera ndi mawu awa, mawa ndi ena, mpaka mvula idzagwa nkhani ili pomwepo, duku lakuda lili kumutu. Anayesa kudziona akupirira zimenezo ndipo anapeza kuti sangathe. Thupi linali litakana. Anamuda Patricia, anawada a Bonifasio, anadzida yekha chifukwa cha kuchapa kwakeko, poti akanaisiya foniyo ndi litsiro lake bwenzi pano ali kwawo akupuntha nandolo.

"Loweruka m'mawa," anatero potsiriza, akuimanganso foni pachitenje. "Njira mukuidziwa?"

"Ndikuidziwa."

"Mwanayo mudzamusambitse, mumuveke zabwino. Asadzati mwana wa a Bonifasio ndi wauve."

Masiku otsalawo anawathera pokonza mawu. Akusesa, akutunga madzi kumjigo, milomo inkangogwedera. Anakonza kuti Patricia asanalowe pabwalo, iye adzayambe ndi kuwafewetsa mitima: "Abale anga, musadabwe ndi zomwe muone. Bambo athu anali munthu ngati ife tomwe, anapunthwa. Ine ndakhululuka, nanunso musawanyoze." Kukhululuka sanakhululuke, koma mawuwo ankamveka bwino, ndipo ankaona kuti akawanena yekha mutu uli chilili, mwina ulemu pang'ono utsalako. Ankadera nkhawa a Kalinde, nkhalamba yoyendera ndodo, kuti nkhani yotere ingawagwetse. Ankadera nkhawa Tina koposa onse. Tina anafika Lachisanu ndi shuga ndi mafuta ophikira, ndipo amayi ake anayesa kumuuza ali kuseri kwa khitchini akusosola nkhuku, koma atangoona nkhope yake anangoti, "Uthire madzi ena otentha, nthenga zikukanika."

Loweruka anthu anasonkhana pabwalo dzuwa lisanatenthe. Abambo pamipando, amayi pamphasa. Kuchimuna kunali a Kalinde ndi ndodo yawo, a Benedicto ndi a Elestina. Kuchikazi kunali a Francisko, mlongo wake wa Albertina amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. Amayi angapo a mumphakati anabwera kudzathandiza kuphika, koma makutu anali pabwalo. Tina anakhala pafupi ndi amayi ake. Katundu anayalidwa pakati, woyera, wonunkhira sopo, ndipo a Benedicto anatenga foni n'kuiika pamwamba pa thumba la zovala.

"Tiyambire apa," anatero.

"Wotsegula akubwera," anayankha Albertina. Anamva kabaza akuima kumsewu, ndipo anadziwa kuti nthawi ndi yomweyi. Anagwada bwinobwino, anakonza pakhosi. "Abale anga, musadabwe ndi zomwe…"

Sanamalize. Patricia anali atatulukira kale pakona ya nyumba, mwana ali kumsana atavala malaya atsopano, ndipo anagwada chapatali monga achitira mlendo. Albertina anatseka maso kudikira phokoso, kapena bata lija loopsa.

"Iii, Sungani wathu!" Anali mawu a a Elestina. Anali atadzuka kale pamphasa, manja ali patsogolo. "Wakula chonchi? Bwera kuno kwa azakhali, bwera! Patricia, chifuwa chija chinasiya?"

Mwana anatambasula manja akuseka, monga achitira mwana kwa munthu amene amamudziwa bwino. A Benedicto nawo anawomba m'manja. "Aa, kodi loko anaika ndi alamu a ku Njuli? Nanga osangonena bwanji!" Anaseka momasuka, kenaka anakumbukira pomwe ali, kuseka kuja n'kusanduka chifuwa.

Albertina anatsegula maso n'kuyamba kuyang'ana anthu mmodzimmodzi. A Kalinde ankapukuta mutu wa ndodo yawo ndi chala chachikulu. A Francisko, mlongo wake weniweni, bere limodzi, ankayang'anitsitsa nsapato zawo ngati aziona koyamba. Amayi a mumphakati wina ankakonza chitenje chomwe chinali bwinobwino, wina ananyamuka kukasonkhezera moto womwe unkayaka kale. Panalibe nkhope ngakhale imodzi yodabwa. Anatembenukira kwa Tina, ndipo Tina anali atazolika, misozi ikugwera pamphasa.

"Nawenso?" anafunsa motsitsa mawu.

"Amayi, tinkaopa magazi anu aja angathamange."

"Kuyambira liti?"

"Ali wakhanda."

Asa! Ndiye kuti iye wakhala akukwera makabaza, kutchedwa wakuba n'kumeza, kukakhala pabenchi ya mkazi mnzake, kubisira anthu omwe akhala akupita ku Njuli kukaona chifuwa cha mwana. Achinyamata aja ankakhala pamphasa kumva malangizo, kaya nawonso ankatsinana pobwerera. Munthu mmodzi yekha mu Nchema monse amene sankadziwa anali iye, wosita malaya. Zinamupweteka kuposa zithunzi zija, kuposa tsiku la maliro lenileni, ndipo analibe woti amuuze chifukwa onse anali pomwepo.

Kutsegula foni sikunatenge nthawi. Patricia anailumikiza ku foni yake, anapita nayo kumapeto kwa bwalo komwe netiweki imagwira, analemba zolembazo, n'kubwera kudzaipereka ndi manja awiri kwa a Benedicto. Iwo anakankha chala uku ndi uku, anaona manambala a makasitomala abwerera, n'kupumira m'mwamba.

"Yatseguka. Ndi yomweyidi. Pepani alamu, tsiku lija ndinalankhula mopupuluma."

Katundu anagawidwa Albertina akuona ngati zikuchitikira kutali. Zitsulo ndi foni kwa a Benedicto, jekete kwa a Kalinde, njinga anati itsale pakhomo. A Elestina anamunyamula Sungani n'kumuimika pakati, a Kalinde n'kunena pamaso pa onse kuti uyu ndi magazi awo, asadzasowe kolowera. Anthu anang'ung'udza movomereza. Patricia anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku.

Kenaka a Kalinde anatembenukira kwa Albertina. Analankhula nthawi yaitali, monga achitira akuluakulu. Anamuyamikira kuti anasunga bwino mphwawo, anamudwazika mpaka mapeto, katundu wapereka woyera, ndipo lero waonetsa mtima waukulu polandira mlendo pabwalo pake. Anati akazi otere masiku ano akusowa. A Francisko anavomereza mokweza kuposa onse.

"Tsono mayi," anatero a Kalinde, "tisanakumasuleni, mwina muli ndi mawu oti munene kwa ife abale a malemu. Paja munayamba kulankhula tinakudulani."

Dzuwa linali litafika pamutu, nkhuku ija inkanunkhira kukhitchini. Albertina anayang'ana manja ake, khungu losupuka ndi sopo ndi mchenga.

"Ndilibe mawu, atsibweni," anatero. "Ndisudzuleni msanga. Ndikufuna ndikagone."